Ngumbi ndi mphalabungu zisatithawe ku Nkhamanga

Mvula yoyamba ikangogwa m'chigwa cha Nkhamanga, m'boma la Rumphi, anthu sagona msanga. Pa Bolero, ku Mwazisi, ku Luviri mpaka ku Hewe, paliponse pomwe pali getsi kapena nyali pamakhala beseni la madzi pansi pake, ana ali pikitipikiti kutola ngumbi, zomwe eni dera amazitcha mphalata. Akuluakulu amakhala atakonzeratu chulu chawo, atachifunditsa udzu ndi kukwirira mphika pakhomo pomwe ngumbizo zitulukire. Kukacha, mudzi wonse umamveka fungo la chiwaya.

Izi zakhala zikuchitika chaka ndi chaka kuyambira kalekale, moti ambiri timangoziona ngati mphatso yomwe siingathe. Ife tikuti ingathe. Ndiwo za pachulu ndi za mumtengo zili ndi adani ake, ndipo adaniwo ndi ife tomwe: nkhwangwa yathu, moto wathu ndi mankhwala athu opopera. Pempho lathu kwa mafumu a ku Nkhamanga, khonsolo ya Rumphi, alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo komanso nthambi yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire ndi loti ayambe kuwerengera tizilombo todyedwati ngati mbewu, yokhala ndi nyengo yake, malamulo ake ndi msika wake.

Tiyambire m'mbale ya mwana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osapitirira zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira, ndipo ana 63 mwa 100 alionse a miyezi 6 mpaka 59 ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Kupinimbira si kufupika msinkhu kokha. Mwana wopinimbira amadwaladwala, ndipo nzeru zake sizikula momwe zikadakulira. Zikachitika m'zaka ziwiri zoyambirira za moyo wake, kubweza n'kovuta ngakhale mutadzalemera mtsogolo.

Unduna wa zaumoyo wakhala ukutiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zamasamba, zipatso, zamafuta ndi zochokera kunyama. Mayi aliyense yemwe amapita kusikelo amawadziwa maguluwa pamtima. Gulu lomwe limasowa kwambiri pakhomo ndi lomalizali. Nkhuku timasungira alendo, mbuzi timasungira fizi ndi maliro, mazira timagulitsa kuti tipeze mchere ndi sopo. Usipa nawo, kuti ufike pa Bolero, uyenera kukwera mapiri kuchokera kunyanja, ndipo mtunda ulionse womwe wayenda umawonjezera mtengo wa kamulu. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabanja ambiri nyama ya mubutchala adaiiwala.

Komatu pa chithunzi chomwecho cha magulu asanu ndi limodzi, ngumbi ndi mphalabungu zili m'gulu limodzi ndi ng'ombe, nsomba ndi mkaka. Sadaziikemo mongosangalatsa anthu akumudzi. Mphalabungu zouma, theka la kulemera kwake kapena kuposerapo ndi zakudya zomanga thupi. Ngumbi zouma zili ndi zomanga thupi zopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo mafuta ake amayandikira theka, n'chifukwa chake sizilira mafuta ophikira pozikazinga. Lipoti lomwe bungwe la FAO lidatulutsa mu 2013 lidati mphalabungu za mumtengo wa tsanya zimakhala ndi mamiligalamu 31 mpaka 77 a ayironi pa magalamu 100 alionse zikauma, pomwe nyama ya ng'ombe youma ili ndi mamiligalamu 6 okha. Ayironi ndi mchere uja umathandiza kupanga magazi, womwe amayi oyembekezera amalandira ngati mapilitsi kuchipatala.

Taonaninso nthawi yomwe ndiwozi zimabwerera. Zimafika mvula ikayamba, nkhokwe zitapepuka, ndalama za fodya zitatha kalekale, anthu ali kalikiliki ndi khasu m'munda. Ndi nyengo yomwe thupi limagwira ntchito yaikulu koma m'mbale muli zochepa. Ngumbi ndi mphalabungu zikaumitsidwa bwino zimatha kusungika miyezi ingapo, kutanthauza kuti zingathe kuwolotsa banja mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi ija aliyense amaidziwa. Zikamatha izi kumabwera nkhululu ndi ziwala, kenako bwanoni udzu ukamakhwima. Kalendala imeneyi makolo athu ankaidziwa popanda kuilemba papepala.

Vuto loyamba lili m'mitima mwathu. Munthu akangoyamba kulandira malipiro a pamwezi, mphalabungu zimasanduka chakudya cha amphawi. Amagula ndithu, koma mobisa, n'kuzikulunga m'jumbo yakuda kuti anzake a kuofesi asaone. Mlendo akabwera kuchokera ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, mayi amapepesa kuti lero kuli ngumbi zokha, pomwe mlendoyo mwina ndi zomwe wakhala akuzilakalaka chaka chonse. Ana athu akuona zonsezi, ndipo ena ayamba kale kunena kuti iwo sadya tizilombo, chonsecho akudya tchipisi ndi zakumwa za shuga. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ngakhale m'Baibulo, lomwe ambiri ku Nkhamanga amaliwerenga chifikireni amishoni a Livingstonia, Yohane Mbatizi ankadya dzombe ndi uchi, ndipo palibe adamutcha wosauka nzeru.

Pomwe ife tikuchita manyazi, kunja anzathu akuthamangira zomwezo. Lipoti la FAO lija lidati anthu pafupifupi 2 biliyoni padziko lapansi amadya tizilombo ta mitundu yoposa 1,900. Lidawerengeranso kuti kuti ng'ombe inenepe ndi kilogalamu imodzi imafuna makilogalamu 10 a chakudya, nkhumba 5, nkhuku 2.5, pomwe tizilombo ta mtundu wa nkhululu timafuna 1.7 basi. Kuonjezera apo, pa ng'ombe timadyapo magawo 40 mwa 100, kwinako ndi mafupa, chikopa ndi nyanga, pomwe pa nkhululu timadyapo magawo 80. Mu 2021 maiko a mu European Union adavomereza kuti mphutsi zina ndi dzombe zizigulitsidwa ngati chakudya cha anthu, ndipo mu 2022 adavomerezanso nkhululu zam'nyumba. Ku Uganda bwanoni, yemwe kumeneko amati nsenene, ndi bizinesi ya magetsi, malata ndi migolo, ndipo anthu amatengera ngongole nyengo yake ikayandikira. Ku Zimbabwe, Botswana ndi South Africa mphalabungu za mu tsanya zimagulitsidwa m'mapaketi m'masitolo akuluakulu. Achibale athu omwe ali ku Johannesburg amazigula ndi marandi.

Tsono tibwerere kwathu, pomwe pagona nkhani. Mphalabungu si chinthu chongogwa ndi mvula, ngakhale timakonda kunena choncho. Ndi mwana wa gulugufe wamkulu wouluka usiku. Gulugufeyu amaikira mazira pamasamba a tsanya, mombo, mtondo ndi mitengo ina ya m'nkhalango zathu, masamba atsopano akangophuka. Mazirawo akaswa, timphalabungu timadya masamba pafupifupi masabata asanu ndi limodzi, kenako zikakhuta zimatsika mumtengo n'kulowa m'nthaka. M'menemo zimagona miyezi yambiri mpaka zidzatuluke ngati agulugufe kudzayambitsanso mzere wina. Mukadula pena paliponse pa ulendo umenewu, chaka chamawa mulibe kanthu.

Ndipo tikudula paliponse. Wofuna kudzaza thumba msanga sakwera mumtengo kapena kudikira kuti zitsike, amangogwetsa mtengo wonse. Wapeza ndowa imodzi lero, koma wapha khola lomwe likadamudyetsa zaka makumi angapo. Wina amatola zing'onozing'ono zisadakhwime poopa kuti mnzake amutsogolera. Wina amasesa zonse, osasiyako ndi imodzi yomwe yoti ikalowe pansi. Mlimi yemwe wadya mbewu yake timamuseka, koma wosesa mphalabungu zonse timamutama kuti ndi wolimbikira.

Moto ndiye mdani wamkulu. Tchire likapsa mu Seputembala kapena Okutobala, udzu utauma gwa, moto umakwera mpaka kunsonga za mitengo n'kupsereza masamba anthete pamodzi ndi mazira omwe ali pamenepo. Moto wotere nthawi zambiri umayatsidwa ndi osaka mbewa, osuta fodya kapena ofuna kusosa munda mwachidule. Moto wa m'mamawa wa chaka, cha mu Meyi ndi Juni udzu ukadali ndi chinyontho, umangoyenda pansi, ndipo umachotsa zinyalala zomwe zikadadzakolezera moto woopsa uja. A zankhalango akhala akunena izi kwa zaka zambiri. Mwina akadamanena kuti nkhani yake ndi ya ndiwo, anthu akadamva msanga kusiyana ndi kumangoti titeteze chilengedwe.

Za fodya sitingazizembe. Nkhamanga ndi dera la fodya, ndipo fodya ndi amene wamanga nyumba za malata zambiri pa Bolero ndi kuphunzitsa ana ochuluka a m'derali. Sitikunyoza mbewuyi. Koma chigafa chilichonse chimafuna mitengo, ndipo chiswe chikachidya chimafunanso ina. Munda ukaguga, mlimi amatsegula wina m'mphepete mwa phiri. Mitengo yomwe imagwa ndi yomwe ija mphalabungu zimadya. Bulugamu yemwe timabzala m'malo mwake ndi wabwino pa milimo ndi nkhuni, koma mphalabungu za mu mombo sizimudziwa. Makampani ogula fodya omwe amapatsa alimi mbande za mitengo aganizireponso zolimbikitsa alimi kusiya zitsa za mitengo yachilengedwe kuti ziphukire. Chitsa cha mombo kapena tsanya chili ndi mizu kale, ndipo chimakula msanga kuposa mbande yomwe ikudikira kuthiriridwa.

Chulu nachonso chili pamavuto. Ena amachigumula kuti aumbe njerwa, ena amathiramo mankhwala poteteza chimanga ndi zigafa ku chiswe. Tikumvetsa, chiswe chimawononga. Koma chulu chachikulu chimatenga zaka zambiri kuti chifike potulutsa ngumbi zodzaza ndowa, ndipo make wa chiswe akafa, chulucho chatha. M'midzi yambiri chulu chili ndi mwini wake, ndipo kutchera pachulu cha mnzako ndi mlandu wa pabwalo. Lamulo limenelo ndi labwino ndipo lisafe. Chomwe chikufunika n'choti banja lisadathire mankhwala liyambe lawerengera chomwe chulucho chimalipatsa pachaka.

Chibwerereni mbozi za ntchemberezandonda mu 2016 ndi 2017, kupopera mankhwala m'chimanga kwakula kwambiri, kuonjezera pa mankhwala a m'fodya omwe adalipo kale. Apa tichenjezane mosabisa. Ziwala ndi nkhululu za m'munda wopoperedwa si ndiwo. Tizilombo tomwe mwatipeza titafa tokha kapena tili lendelende musatole, ngakhale titachuluka bwanji. Ana ndi amene amatola ziwala, ndipo sangasiyanitse munda wopopera ndi wosapopera ngati mkulu sadawauze. Dzombe nalo likagwa ndipo aboma alipopera, lisiyeni.

Malo aakulu omwe mitengo yachilengedwe yatsala ndi m'nkhalango zotetezedwa za Vwaza ndi Nyika, zomwe zazinga Nkhamanga kumwera chakumadzulo ndi kumpoto. Nkhani ya malo amenewa ndi yowawa kwa mabanja ambiri. M'zaka za m'ma 1970, pomwe Vwaza ankakhazikitsidwa ndipo Nyika ankakulitsidwa mu 1978, anthu adasamutsidwa kusiya minda, manda a makolo ndi zulu zawo. Ena mwa iwo ndi omwe adadzakhala m'mphepete mwa nkhalangozi. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, mayi wopezeka ndi lichero la mphalabungu mkati mwa malire ankaonedwa ngati wopha njovu.

Zinthu zidayamba kusintha ku Kasungu. Mu 1990 nthambi yoona za nyama zakutchire idalola mabanja 173 kulowa m'nkhalango ya Kasungu kukatola mphalabungu. Akatswiri awiri a m'dziko momwe muno, a Munthali ndi a Mughogho, adatsatira ntchitoyi n'kulemba zomwe adapeza mu 1992. Adaona kuti phindu la mphalabungu ndi njuchi limatha kuposa la chimanga, nyemba ndi mtedza pamalo ofanana kukula, komanso kuti kuchuluka kwa mphalabungu kumadalira nthawi yomwe tchire latenthedwa. Chachikulu china n'choti munthu yemwe akudya za m'nkhalango amayamba kuiona ngati yake. Maganizo otere ndi omwe adalowa m'ndondomeko ya boma ya nyama zakutchire ya mu 2000, ndipo ku Rumphi kudabadwa bungwe la Nyika Vwaza Association ndi makomiti a m'midzi oona zachilengedwe, omwe kudzera mwa iwo anthu amatha kupeza chilolezo cholowa kukamweta udzu ndi kutola zina za m'tchire.

Mu 2023 boma lidasainirana pangano la zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation loti aziyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza. Tikuyembekeza kuti ndi dongosolo latsopanoli mwayi wa anthu wamba sutsekeka. Mpanda wa magetsi woletsa njovu kulowa m'minda ndi wofunika, ndipo alimi a m'mphepete mwa Vwaza adaulira kwa nthawi yaitali. Koma mpanda womwewo usasanduke khoma pakati pa mayi ndi mtengo wa tsanya. Mphalabungu sizidikira kalata. Nyengo yake ndi ya masabata ochepa, ndipo chilolezo chotuluka zitalowa kale pansi ndi pepala chabe. Masiku olowera alengezedwe msanga, m'matchalitchi, m'misika ndi pawailesi, ndipo njira yopezera chilolezo ikhale yoti gogo wosadziwa kulemba aitsate popanda kupereka kangachepe kwa wina aliyense.

Mbali inayi, anthu nawo asunge pangano. Wolowa ndi chilolezo cha mphalabungu asabise msampha wa waya pansi pa thumba, chifukwa munthu mmodzi wotere amatsekeretsa mudzi wonse. Kulowa m'magulu, moperekezedwa ndi asilikali a nkhalango, kumateteza moyo. Mu Vwaza muli njovu ndi njati, mulinso kashembe yemwe amafalitsa matenda a kaodzera, omwe chipatala cha Rumphi chakhala chikulimbana nawo kwa zaka zambiri. Wobwera kutchire n'kuyamba kumva malungo osatha, mutu ndi kufooka, apite kuchipatala ndipo anene komwe adali.

Komabe chilolezo cha boma chimathera pamalire a nkhalango. Kunja kwake, m'mapiri ndi m'tchire la m'midzi, mwini mphamvu ndi mfumu. Apa tili ndi chitsanzo kwa anansi athu a ku Zambia. M'dera la Mfumu Kopa, anthu a mtundu wa Abisa akhala ndi dongosolo lawo kuyambira kale. Pamakhala anthu oyendera tchire kuona ngati mazira aikiridwa ndiponso ngati mphalabungu zakula. Iwo amakanena kwa mfumu, ndipo mfumu ndiyo imalengeza tsiku loyamba kutola ndi tsiku losiya. Wotola nthawi isadakwane, wodula mtengo kapena woyatsa moto wa mochedwa amalipitsidwa. Akatswiri a ku University of Zambia adalemba za dongosololi ndipo adalitama, ngakhale adaonanso kuti amalonda ochokera m'tauni akabwera ndi ndalama m'manja, anthu ena amaphwanya mwambo.

Nkhamanga ili ndi zonse zofunika kuti ichite chimodzimodzi. Ufumu wa Chikulamayembe ndi wakale, uli ndi magulupu ndi anyakwawa mpaka kumudzi wotsiriza. Chaka chilichonse anthu amasonkhana pa Bolero pamwambo wa Gonapamuhanya, womwe umachitika m'chilimwe, nthawi yomwe moto wolusa uli pachimake ndipo mvula ili pafupi. Pabwalo limenelo pamayankhulidwa zambiri, zina zandale zomwe zimaiwalika anthu asadafike kunyumba. Mafumu atagwiritsa ntchito mpata umenewo kulengeza malamulo a moto, a nkhwangwa ndi a masiku otolera mphalabungu, mawuwo angafike patali kuposa chikalata cha ku khonsolo. Malamulowo akhudzenso ana asukulu. Kutola ndiwo ndi ntchito ya madzulo ndi Loweruka, osati yojombera m'kalasi sabata zitatu.

Za ukhondo tinene pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe amalonda athu amadziphera okha msika. Mphalabungu zifinyidwe bwino, zitsukidwe, ziwiritsidwe ndi mchere, kenako ziyanikidwe pathandala, osati pansi pomwe nkhuku ndi agalu akudutsa. Mchenga womwe umalumika m'ngumbi za pamsika ndi umene umathawitsa ogula a m'tauni. Zosauma bwino zikaikidwa m'thumba la pulasitiki zimachita chuku, ndipo chuku china chili ndi poizoni yemwe amawononga chiwindi ngakhale mutaphika. Pogula, nunkhizani ndi kuyang'ana. Zogula pamsika muziphikenso musadapatse ana. Pali anthu ena omwe matupi awo sagwirizana ndi tizilomboti, monga momwe ena amatupira akadya nkhanu. Wotuluka zidzolo, wotupa milomo kapena wobanika akadya, asakakamizidwe, ndipo akabanika athamangire naye kuchipatala.

Kwa mwana wa miyezi isanu ndi umodzi kupita mtsogolo, yemwe sangatafune mutu wa mphalabungu, njira ndi yosinja. Kazingani, sinjani mumtondo, sefani, ndipo kasupuni ka ufawo kalowe m'phala monga timachitira ndi nsinjiro kapena ufa wa bonya. Alangizi a zaumoyo ndi amayi a m'magulu ophunzitsana kaphikidwe atengepo njirayi, ndipo sukulu za mkombaphala zisamangodikira soya wochokera kwa mabungwe pomwe chulu chili kuseri kwa kalasi. A Malawi Bureau of Standards nawo athandize magulu a amayi omwe angafune kulongedza ngumbi m'mapaketi kuti adziwe zoyenera kutsata, kuti tsiku lina tidzaone mphalata za ku Rumphi pashelefu ku Mzuzu monga timaonera uchi ndi khofi wa kumpoto konkuno.

Mbali ya ziweto ndi yomwe yabweretsa nzeru yatsopano. Aliyense woweta nkhuku za mazira kapena za nyama akudziwa kuti ndalama zambiri, pafupifupi magawo 60 mpaka 70 mwa 100, zimathera pa chakudya. Chomwe chimakweza mtengo ndi soya ndi nsomba zogaya. Ndiye kuti nkhuku ikupikisana ndi mwana pa usipa womwewo. Chonsecho nkhuku yachikuda ikamapalasa kuseri kwa nyumba imakhala ikufuna chiswe, ziwala ndi mphutsi, ndipo agogo athu ankagumula kachidutswa ka chulu kukaponyera anapiye. M'maiko a kumadzulo kwa Africa monga Burkina Faso ndi Ghana, alimi amadzaza mphika ndi mapesi, ndowe zouma ndi udzu wonyowetsa, n'kuuvundikira pomwe pali njira ya chiswe. M'mawa mwake amakakhuthulira anapiye. Njira imeneyi siigumula chulu ndipo siifuna tambala.

Chomwe chatchuka masiku ano ndi ntchentche yakuda yotchedwa black soldier fly. Si ntchentche ija imatera pa nsima. Iyi siluma, sikonda kulowa m'nyumba, ndipo ikakula ntchito yake ndi kuikira mazira basi. Mphutsi zake zimadya zotsala za kukhitchini, zipatso zoola za pamsika, madeya, masese ndi ndowe, ndipo pakatha pafupifupi masabata awiri zimakhala zanenepa. Zikaumitsidwa, magawo pafupifupi 40 mwa 100 ndi zomanga thupi, ndipo nkhuku, nkhumba ndi nsomba za m'damu zimazikonda. Zotsalira zake ndi manyowa abwino. Bungwe la icipe la ku Nairobi lachita kafukufuku wambiri pa ntchentcheyi, ndipo Kenya ndi Uganda adakhazikitsa kale malamulo olola tizilombo m'chakudya cha ziweto. Kwathu kuno akatswiri a ku Bunda ndi a bungwe la MwAPATA akhala akuunika ngati ulimiwu ungapindulire mlimi wamng'ono.

Pa Bolero ndi pa Rumphi boma, tsiku la msika likatha pamatsala milu ya makoko a nthochi, tomato woola ndi masamba a kabichi. Nyengo ya mango ndiye osanena. Zonsezi ndi chakudya cha mphutsi zomwe zikadasanduka mazira ndi nyama. Achinyamata omwe amaliza Fomu 4 n'kumangokhala pa sitolo angathe kuyamba ndi mabeseni ochepa, ukonde ndi kashedi ka udzu. Koma tisanamizane, pakuti dziko lino laona kale mabizinesi a mphepo. Ambiri akukumbukira momwe zinziri zidatchukira, aliyense n'kumanga khola, kenako msika n'kusowa. Mphutsizi zimafuna kutentha, ndipo mu Juni ndi Julaye mphepo yochokera ku Nyika ikamaomba zimakula mochedwa. Zimafuna zinyalala zokwanira tsiku ndi tsiku, ndipo kututa zinyalala ndi ntchito yonunkha. Woyamba ayambe pang'ono, adyetse nkhuku zake zomwe, aone ngati thumba la chakudya chogula likukhalitsa kuposa kale, asadatenge ngongole ku banki mkhonde. Ndipo wina akabwera kudzakugulitsani mazira a ntchentche pamtengo wokwera ndi lonjezo loti adzagula mphutsi zonse, mufunseni kaye komwe iye amakagulitsa.

Ofesi ya zaulimi ya Bolero ingathandize pokhazikitsa malo amodzi achionetsero pomwe alimi angakaone ndi maso, m'malo moti aliyense aziphunzira pa foni. Ndalama zake si zambiri poyerekeza ndi zomwe zimathera m'misonkhano ya m'mahotela yokambirana za kunyentchera kwa ana.

Tikudziwa kuti ngumbi sizingalowe m'malo mwa chimanga, ndipo mphalabungu sizingamange msewu wa Rumphi-Nyika-Chitipa womwe anthu a ku Nkhamanga akhala akulonjezedwa kwa zaka zambirimbiri. Chaka china zimabwera zambiri, chaka china mvula ikachedwa sizioneka n'komwe, ndiye banja silingaike moyo wake wonse pamenepo. Koma mwa zinthu zonse zomwe zingaonjezere ndiwo m'mbale ya mwana wa tenanti ku Mwazisi, iyi ndi yomwe siifuna ndalama zakunja, kuponi kapena galimoto ya bungwe. Ikufuna kuti khonsolo ya Rumphi, mafumu ndi a Nyika Vwaza Association akhale pansi udzu usadaume, agwirizane mwezi wotentha tchire, chindapusa cha wogwetsa mtengo wa mphalabungu, ndi munthu yemwe azilengeza tsiku loyamba kutola m'dera la gulupu aliyense.